Ndinafufuta Masiku a Mapemphero a Mwana Wanga

Aphungu,

Ndine bambo wa ana atatu. Lulu ali ndi zaka seveni, Jason folo, wachitatu akadali kumsana. Makolo anga anachokera ku Katete, koma ine ndinabadwira konkuno ku Chamboli, ku Kitwe. Ntchito yanga ndi yokonza mapampu pansi pa mgodi. Ndimakwera basi ana asanadzuke, ndipo pampu ikafa sitituluka mpaka itadzuka.

Pa Lenti ya chaka chino mtima unanditsutsa. Malemu atate anga, atope bwanji, ankatigwaditsa tonse pa pemphero la Korona. Ana anga ine mapemphero akuwadziwa m'Chibemba chokha, ndipo wowaphunzitsa sindine. Ndiye ndinakhala pansi n'kulemba dongosolo: kudzuka 04 hours, kuthamanga pang'ono, mutu umodzi wa m'Baibulo, madzulo homuweki ya Lulu, kenako 19 hours Korona yonse, zigawo zisanu, m'Chinyanja.

Kuntchito kwathu, polowera, pali bolodi lalikulu. Amalembapo masiku amene tagwira popanda munthu kuvulala. Tsiku lililonse nambala imakwera, koma wina akangovulala amafufuta n'kulemba ziro. Ine ndinaona kuti njira imeneyi imagwira, poti palibe amene amafuna kukhala wogwetsa nambala. Ndinagula choko n'kuyamba kulemba masiku a Korona kuseri kwa chitseko. Mkazi wanga Josephine anangoti, "Atate ake Lulu, ino ndi nyumba, si mgodi." Mnzanga wa kuntchito Zacharia nditamuuza anaseka, amvekere, "Mune, mnzanga iwe, uwagulirenso zipewa zolimba ndi majombo anawo." Sindinawamvere onsewa.

Kuthamanga kunatha sabata yoyamba. Baibulo linatsatira. Koma Korona tinaigwira, ngakhale Jason ankagona chogwada pa chigawo chachiwiri. Lulu ndiye anaikonda kwambiri nambala ija, moti choko ankasunga ndi iye. Tinafika masiku 23. Tsiku lotsatira pampu inafa, ndinatsala kuntchito. Mawa lake ndinatenga kansanza n'kufufuta, iye akuona. Anafunsa kuti, "Dadi, nanga mapemphero onse aja, Mulungu nayenso wafufuta?" Ndinayankha kuti lamulo ndi lamulo.

Tinayambanso, tinafika 11, ntchito inandigwiranso. Pobwera ndinapeza pachitseko palembedwa 12, thuu wake atayang'ana kumbuyo. Nditafunsa, Lulu anati alemba ndi amayi ake. Koma dzanja linali la Lulu. Ndinamumenya ndi patapata kawiri chifukwa cha bodza, ndinafufutanso. Josephine anali kumsika. Atabwera anandiuza kuti tsiku limene kunalibe ine anapempherabe, ndipo anatsogolera ndi Lulu yemweyo, m'Chinyanja chake chothyokathyoka, mpaka kumapeto.

Papita milungu itatu. Mwanayu sachita mwano. Ndikaitana amabwera, ndikati tigwade amagwada, koma milomo yokha ndi imene imagwedera. Homuweki amapita nayo kwa amayi ake. Choko anachisiya pawindo. Ndinakalapa, ansembe anati kuphonya Korona chifukwa cha ntchito si tchimo. Koma za patapata sindinanene, ndinachita manyazi.

Ndikuopa kuti ndamudanitsa mwana wanga ndi pemphero, ndi ine ndemwe. Komanso ndikasiya dongosololi, ndiye kuti ndalephera pamaso pa Mulungu. Nthawi ndilibe, Aphungu. Bambo wonga ine angagwire bwanji kanthu tsiku ndi tsiku osakagwetsa?

F.Z.P., Chamboli, Kitwe

Bambo F.Z.P.,

Mwafunsa za dongosolo, koma nkhani yanu ndi Lulu. Tiyambe ndi iye.

Bolodi la kuntchito kwanu limabwerera pa ziro chifukwa munthu wavulala. Tsiku limene pampu inafa, kunyumba kwanu anavulala ndani? Palibe. Munali kukagwirira ana anu chakudya. Amene anavulala m'nkhani yonseyi ndi mmodzi, ndipo sanavulale tsiku lophonya Korona ayi. Zoona, ananama za amene analemba. Koma nambalayo inali yoona. Mwana wa zaka seveni anagwira ntchito yanu inu kulibe, ndipo malipiro ake anali patapata.

Choncho sabata ino isanathe, mupite naye kwinakwake awiriwiri, kaya kogula buledi. Mumuuze kuti munalakwa kumumenya. Mumuuzenso kuti 12 uja anali wolondola. Ndiye muyankhe funso lake lija, chifukwa mpaka lero simunaliyankhe: Mulungu sanafufute kanthu, anafufuta ndinu. Mwana akuyenda ndi funso limenelo mumtima, ndipo ndi limene lamutseka pakamwa.

Chitseko chija muchitsuke ndi madzi, musalembeponso.

Tsopano za dongosolo. Munayamba zinthu zisanu tsiku limodzi, zonse zomangirira pa wotchi, chonsecho wotchi yanu ili m'manja mwa pampu. Ngakhale munthu wosakhala pantchito zikanamugwa. Sankhani chimodzi, ndipo chikhale chaching'ono moti ngakhale tsiku loipitsitsa mungachikwanitse. Musachipatse ola. Chimangirireni pa chinthu chimene mumachita kale tsiku lililonse, monga kuvula nsapato mukafika. Mwavula, mwakhala pansi, ana amene ali maso abwere, Atate Athu mmodzi ndi Tikuoneni Maria mmodzi, basi. Sizikwana mphindi zitatu. Jason adzafika pa Ameni ali maso.

Mukawapeza atagona, musawadzutse. Ikani kamtanda pamphumi pa aliyense ndi chala, mukagone. Tsikulo lawerengedwa. Mukatsala kuntchito, amayi awo atsogolere, kapena Lulu akafuna yekha, ndipo mawa lake mufunse kuti zinayenda bwanji, osati ngati woyang'anira ntchito, koma ngati munthu amene anaphonya chinthu chabwino. Korona yonse muisungire Lamulungu masana. Ana akaiyankha m'Chibemba, asiyeni. Chinyanja adzachitola pakamwa panu pang'onopang'ono, bola pakamwapo pasamawaopse.

Kuthamanga ndi Baibulo la mbandakucha zidikire. Kakang'onoka kakakhazikika mwezi wathunthu, muwonjezerepo kamodzi. Mwina ndime ziwiri m'basi ya kuntchito. Ndipo mayi Josephine akalankhula, muziwamvera msanga, poti anaziona tsiku loyamba.

Mukuti kusiya dongosololi ndi kulephera pamaso pa Mulungu. Ine sindine wansembe, koma ansembe anu anakuuzani kale kuti tchimo silili pamenepo. Munawabisira pomwe lili. Bwereraniko mukanene zonse, koma muyambe mwadzera kwa mwanayo.

Musayembekeze kuti adzakukumbatirani tsiku lomwelo. Mwina adzangoti "chabwino" n'kuyang'ana kumbali. Ana amakhulupirira zimene aona zikubwerezedwa, osati zimene amva kamodzi.

Chenjezo langa ndi ili. Popepesapo, lilime lidzakuyabwani kuti muwonjezere kuti, "koma nawenso unanama." Mukangotero mwamumenyanso kachitatu. Za bodza mudzakambirana tsiku lina, akadzasiya kukuopani. Tsikulo nenani kuti pepa mwanawe, mutseke pakamwa, mumudikire.

Aphungu