Mazira Amene Bambo Anatembenuza

Dulac, Louisiana
19 Julayi

Okondedwa achemwali anga a Noelie,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Denver. Kuno kukutentha koopsa, udzudzu nawo wachita kunenepa. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni timangokangana, ndipo inu mukayamba kulankhula munthu sapeza polowera.

Pa Pasaka munanena kuti mutu wa bambo wayamba kusokonekera, tiwachotse kudambo kuno azikakhala kwa inu pafupi ndi madokotala. Ine ndinakukalipirani, ndinati mwasanduka wa m'tauni. Mawu amenewo akundiwawa tsopano.

Sabata yatha tinapita kukatola mazira a ng'ona oti tigulitse kufamu yoweta ng'ona ya a Verdin, monga timachitira chaka chilichonse. Mukanawaona bambo m'bwato, mukanati wolondola ndine. Zisa amaziona tili patali, pomwe ine ndimangoona udzu. Pachisa china make mazirawo anavuuka m'madzi, kukamwa kuli yasa. Bambo anangomugogoda pamphuno ndi mtengo wokankhira bwato n'kunena kuti, "Khala phee mayi iwe, ana ako tikakulerera, ena tidzakubwezera." Ine n'kumafukula mulu wa udzu wowolawo, wofunda ngati buledi, ndikulemba mzere pamwamba pa dzira lililonse ndisanalinyamule. Chifukwa chake mukuchidziwa: kamwana kamamatirira kumwamba kwa dzira, ukangolitembenuza kamamira m'kati momwemo.

Titafika kunyumba ndinasiya mabokosi pakhonde n'kupita kukatenga galimoto kwa makaniki. Pobwera ndinapeza bambo atakhala pansi, akutembenuza mazira limodzilimodzi, mosamala kwambiri, uku akuimba chapansipansi.

"Bambo, mukutani?"

"Thadzi la amayi ako lathawa mazira," anatero. "Ukapanda kuwatembenuza amasukusa. Usawauze, angadandaule."

Achemwali, amayi tinawaika m'manda kalekale, ndipo khola lawo la nkhuku linapita ndi mphepo yamkuntho.

A Verdin atabwera kudzatenga mazirawo anaona mizere ina ili pansi, ina chammbali. Anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Alcide, wachita izi ndani?"

Bambo anali chilili pambali panga, nzeru zitabwerera, maso akuthwa monga timawadziwira. Ndinayankha kuti ndine, ndinagubuduza mabokosi potsitsa m'bwato.

"Chitsiru iwe!" anakuwa bambo. "Ndevu zonsezi sudziwa kuti dzira la ng'ona satembenuza? Ngakhale Noelie wa m'tauni uja sangachite zopusa zotere!"

A Verdin anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuvalanso chipewa chawo. Kunena zoona, kutukwanidwa kumeneko kunandikoma, chifukwa amene amatukwanayo anali bambo athu enieni. Koma pofika nthawi ya mpunga wamadzulo anali ataiwala zonse.

Mazirawo a Verdin anawakana. Bambo anakwirira mazirawo ndi udzu kuseri kwa nyumba, ndipo m'mawa uliwonse amagwada n'kuika khutu pamulupo. Amadikira kulira kwa tiana, kulira kuja kumene ng'ona ikamva imafukula chisa n'kutinyamula m'kamwa kupita nato kumadzi. Ine ndimangoima pakhomo ndi khofi wawo m'manja. Chisoni chake sindingathe kuchilemba.

Ndinkaganiza kuti munthu amene wakulira m'dambo muno, dambo lomweli limusunga mpaka mapeto. Ndinalakwa, ndipo ndikuopa kuti tsiku lina adzapisa dzanja m'chisa ataiwala kuti chili ndi mwini wake. Kiyi wa bwato ndabisa. Akafunsa ndimati injini yafa, iwo n'kumanditukwana kuti ndine waulesi.

Konzani chipinda chija munanena. Chonde mubwere mudzawatenge nokha, ine ndilibe mtima wowatulutsa pakhomo pano. Ndipo mukafika musandiuze kuti munanena kale, ndikudziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Azakhali a Zulma akuti zikomo chifukwa cha mankhwala a mawondo aja. Bambo nawo akupereka moni. Ndawauza kuti ndikukulemberani, ndiye akuti mubwere mu Ogasiti ndi adzukulu awo, adzamve mazira akulira. Ndawayankha kuti mubweradi mu Ogasiti.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
Alcide