Kambalame Kopanda Pasipoti

Lolemba, 3 Malichi 2025

Manyazi m'mamawa. Ndili kubafa, sopo m'maso, ndamva kabawi akulira pabwalo penipeni. Ndatuluka ndi thaulo lokha, mwala m'manja, kukuwa ngati mbusa. Nkhuku zonse zalowa pansi pa nkhokwe ndi anapiye. Kumwamba mbee, kulibe kanthu. Kabawiyo ali m'sipika ya Greenwell, pakhonde.

Rosaria, mkazi wanga amene ndakhala naye zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, waseka mpaka kutsamira khoma. Greenwell akuti, "Profesa, uyo kabawi ni wa ku Finland, mlendo wako. Usamuteme mwala."

Greenwell. Tinali limodzi kukoleji ya nyimbo ku Lusaka. Woyamba m'kalasi ndinali ine, zaka zitatu zonse. Iye ankakopera zanga, ndi zolakwika zomwe. Lero amakhala ku Finland, amaliza vayolini m'okesitira ya anthu makumi asanu ndi awiri. Ine ndimaphunzitsa nyimbo kusekondale kuno ku Chongwe, pa kiyibodi yomwe makiyi awiri anafa kalekale.

Wafika dzulo. Akuti akhala masiku atatu.

Lachiwiri, 4 Malichi

Tsopano ndadziwa chimene wabwerera. Sikudzandiona ine.

Kuli mayi wina ku Finland, Helmi, wopeka nyimbo za okesitira. Zake zonse ndi za mbalame, nkhalango ndi nyanja zouma ndi kuzizira. Amajambula kulira kwa mbalame, n'kukuika pakati pa zoimbira, mavayolini n'kumayankha. Tsopano akupeka ina ya kambalame kena kofiirira, kosaoneka bwino, komwe kamaswa kwawoko. Kukayamba kuzizira kamauluka mpaka kuno kwathu, kukhala dzinja lonse, Malichi akamatha n'kubwerera. Mayiyo ali nazo kale nyimbo zomwe kamaimba kwawo. Akufuna kumva zomwe kamaimba kakakhala kuno. Watuma Greenwell ndi makina ojambulira mawu, ndi maikolofoni yaubweya ngati mchira wa gologolo.

Ndiye kuti kambalame kosakwana m'dzanja kamapita ku Finland chaka ndi chaka. Kopanda pasipoti, kopanda dipuloma. Ine malire anga ndi Livingstone, ulendo wa kwaya, 2016.

Madzulo watiyatsira nyimbo ina ya mayiyo, yathunthu. Ndinakhala pansi ndili wokonzeka kuinyoza. Poyamba palibe chogwira: mavayolini kamawu kamodzi, kowonda, kotalika ngati msewu wa Great East. Kenako chitoliro, chokhachokha. Kenako mbalame zenizeni za m'madambo akwawo, kuitanizana patali, malipenga n'kuzilandira pansipansi. Palibe ng'oma, palibe povina. Koma tsitsi linandiimirira. Ndinakwiya. Ikanakhala yoipa ndikanasangalala.

Ndinati, "Ilibe kolasi." Rosaria anati, "Ikumveka monga munda pamene anthu onse ayenda kumaliro." Greenwell analemba mawu ake m'kabuku. Anga sanalembe.

Chachikulu ndi ichi. Nyimbo yatsopanoyo adzayiimba koyamba mu Seputembala, ndipo pali tiketi imodzi ya munthu wa kuno amene athandize kupeza kambalameko. Dzina lake lidzalembedwa papepala la mwambo. Munthu wa kuno wodziwa nyimbo. M'boma lonse la Chongwe, wowerenga manotsi ndani? Ndatulutsa jekete langa lakuda m'sutikesi kuti lipitidwe mphepo.

Lachinayi, 6 Malichi

Masiku atatu atha. Mlendo wapempha waya woyanikira zovala.

Mamawa awiri ndamuperekeza ndisanapite kusukulu. Dzulo kumtsinje wa Chongwe, lero mbali ya Palabana pa njinga zobwereka. Tajambula njiwa, ng'ombe zamkaka, ndi bambo wina wotukwana ng'ombezo. Kambalame ayi. Ine ndinanyamula buku la mizere isanu ndi pensulo, kulemba manotsi a chilichonse cholira. Nsapato zanga zakusukulu zanyowa ndi mame mpaka m'kati.

Titabwerera, Greenwell anayatsa kulira kwa kambalameko pafoni kuti ndikumvenso. Rosaria anali kukazinga chimanga chachiwisi, nsana kwa ife. Sanatembenuke n'komwe. Anangoti, "Ako? Kali kudimba kwathu, mu ziyangoyango za pa mtsinje. Kabwela chaka chilichonse pambuyo pa Khirisimasi. Kwathu ku Bundabunda tinali kukaitana kamlendo."

Kudimba kwathu. Mapazi mazana atatu kuchokera pabedi langa.

Ndinati bwanji sunanene? Anati, "Simunanifunse, atate a Mwila. Munali na buku."

Loweruka, 8 Malichi

Tsiku la amayi. Anzake a Rosaria onse ali kuboma ndi zitenje zofanana, kuguba. Wanga ali m'tchire ndi Greenwell.

Ndinapita nawo. Kalipodi. Sitinakaone, koma kaimba. Mluzu woyera kawiri katatu, kenako kugogoda ngati wina akumenyanitsa timiyala, kenako phokoso lokhakhala ngati njinga yopanda mafuta. Ndalemba manotsi masamba awiri. Gawo la timiyala lakana kulowa m'mizere.

Kujambula kwalephereka. Mayi Helmi akufuna mphindi khumi zoyera, zopanda phokoso lina. Pa mphindi yachinayi chigayo cha kutsidya chinayamba. Ndinamva kukoma pang'ono. Sindikudziwa chifukwa. Ndikunama, ndikudziwa.

Greenwell anamuveka Rosaria zomvera m'makutu. Anazikonza yekha ndi manja ake, kusuntha duku. "Mulamu, mumva?" Mulamu, mulamu. Tsiku lonse mulamu. Mawu amenewa akanakhala chimanga tikanadzaza nkhokwe.

Rosaria anakulira m'minda ya mapira, kuingitsa mbalame kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Izi ndinkazidziwa. Ndinkaziona ngati nkhani ya umphawi, yomwe ndinamuchotsamo ine. Lero Greenwell akuti imeneyo ndi koleji.

Lolemba, 10 Malichi

Dzulo mvula. Lero tambala wa a Chileshe, oyandikana nafe, pa mphindi yachisanu ndi chiwiri.

Mlendo wadya mapeyala onse a mtengo wa kuseri. Akuti ku Finland peyala limodzi ndi nkhani. Amatiuza za nyumba yotentha yomwe anthu amakhalamo maliseche n'kumadzikwapula ndi masamba, za dzuwa losalowa, za nyanja yomwe amayendapo ndi galimoto. Rosaria amafunsa mafunso. Ine ndikamuuza za msonkhano wa aphunzitsi safunsa kanthu.

Ndinapereka manotsi anga kwa Greenwell, olembedwa bwino ndi inki, dzina langa pamwamba: Abson Tembo, Dip. Anawajambula n'kutumiza. Anatumizanso kamawu ka Rosaria akufotokoza nthawi yomwe kambalame kamayamba, komwe kamakhala kukagwa mvula, ndi momwe kamasinthira nyimbo kakayandikira kunyamuka.

Yankho labwera masana. Greenwell anawerenga mokweza, akumasulira. Za ine: zikomo, zolemba zaukhondo. Za Rosaria: mizere khumi ndi umodzi. Ndinawerenga mizereyo ndi maso pafoni yake. Pomaliza funso: kodi mayiyu ali ndi pasipoti?

Rosaria anaseka, nati, "Ine? Nikachite chani ku ma aisi?" Koma madzulo ndinamupeza akuyang'ana kalata yake yobadwira, yomwe timasunga m'Baibulo.

Jekete ndalibwezera m'sutikesi.

Lachitatu, 12 Malichi

Tsiku la achinyamata. Ndaimbitsa ana kuboma padzuwa, nyimbo ya fuko ndi zina ziwiri. Mlendo wolemekezeka anali pafoni nthawi yonse.

Ndabwerera masana, cha m'ma 14. Kunyumba kulibe munthu. Apita awiri kukagula mabatire, kapepala pathebulo. Mawa chigayo sichigwira, mwini wake ali kumaliro. A Chileshe avomera kutsekera tambala m'khitchini. Kumwamba kwayera. Mawa ndiye mawa, anatero Greenwell m'mamawa.

Ndinatenga chikwakwa.

Ndilembe momwe ndidzanenere: mwezi watha tinaona njoka pamenepo. Zoona, tinaiona. Udzu wakula, udzudzu wachuluka. Zoonanso. Mwamuna salambula dimba lake?

Ola limodzi ndi theka. Ziyangoyango zonse pansi, mpaka m'mphepete mwa madzi. Minga yandicheka m'manja monse. Kanthu kofiirira kanauluka chapansipansi kulowera kutsidya. Ndiye koyamba kukaona. Kakang'ono kwambiri. Maulendo onsewo ndi timapiko timeneto.

Ndasamba. Ndadya. Ndavala malaya a manja aatali.

Lachinayi, 13 Malichi

Anapita mbandakucha. Sindinapite, ndinati mutu.

Anabwerako msanga. Greenwell sanandiyang'ane, anangoti, "Profesa, walima bwino." Analowa m'chipinda chake.

Ndinayamba za njoka. Rosaria anandigwira dzanja, kukwinya malaya, kuona mabala. Anabweretsa madzi a mchere ndi kansalu. Ananditsuka bala limodzilimodzi, mosafulumira. Bola akanandimenya ndi mthiko.

Chigayo zii tsiku lonse. Tambala zii. Sindinamvepo Chongwe ali chete chonchi.

Loweruka, 15 Malichi

Masiku awiri afunafuna kumtunda ndi kumunsi kwa mtsinje. Palibe. Mwina kasamukira kwina, mwina kanyamuka ulendo msanga. Greenwell ali ndi zidutswa zokha, mphindi zinayi apa, zisanu ndi chimodzi apo, zonse zodetsedwa. Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Palibe mbalame, palibe tiketi, aliyense pamalo pake. Ndinagula nyama kuti tidye bwino.

Cha m'ma 16 ndili kuseri, ndikukonza tayala la njinga. Ndamva kambalame. Pakhonde. Mluzu woyera, timiyala, njinga yopanda mafuta, zonse. Ndinati ndi foni. Koma nyimboyo inapitirira, inatembenuka mwina momwe foniyo ilibe.

Ndinasuzumira pangodya. Rosaria pampando, maso otseka, milomo yosongoka, lilime likugogoda. Greenwell atagwada pansi ndi mchira wa gologolo uja, osapuma n'komwe. Mphindi khumi ndi ziwiri. Nkhuku zinaima.

Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Sindinamumvepo akuimba mluzu.

Ndinamufunsa pambuyo pake. Anati mlungu woyamba wa ukwati wathu anaimba mluzu akutsuka mbale, amayi anga anamuitanira pambali, anati mkazi wapabanja sachita zimenezo, ndi zaubusa. "Na imwe munalipo. Munali kuwelenga nyuzipepa." Sindikukumbuka. Ndikukhulupirira.

Amadziwa mbalame makumi atatu ndi mphambu. Anawerenga pa zala, kubwereza manja katatu. Ine mphunzitsi wa nyimbo, ndimayenda m'makalasi kufunafuna mwana mmodzi wa khutu labwino.

Lamulungu, 16 Malichi

Yankho la mayi Helmi pa mluzu wa Rosaria womwe Greenwell anatumiza. Walira, akutero Greenwell. Akusintha nyimbo yonse. Sakufunanso mbalame ya m'makina. Akufuna Rosaria aime kutsogolo kwa okesitira, aimbe yekha gawo la kuno, zitoliro zizimuyankha. Osati Seputembala yokha. Kuyambira Ogasiti, kukonzekera. Milungu isanu ndi umodzi.

Ndikanasiya tchire lija, akanangokakhala pampando n'kuomba m'manja masiku anayi. Ndamukweza ndekha papulatifomu, ndi chikwakwa.

Kutchalitchi ndinaimbitsa kwaya. Ndinayambitsa nyimbo pamwamba kwambiri, amayi a soprano anatsamwa. Anandiyang'ana onse.

Greenwell anandipeza pansi pa mpeyala wopanda mapeyala. Anati mafomu akufuna munthu wolemba bwino Chingerezi, kalata yofotokoza za Rosaria. "Iwe ndiwe unali namba wani, mwana. Ine nikalemba azaseka." Sindikudziwa ngati ndi chifundo kapena chipongwe. Iye ndi wotero kuyambira kale, amakupatsa zonse ziwiri m'mbale imodzi.

Rosaria sanandipemphe chilolezo. Sananenenso kuti sapempha. Anangoika pepala ndi cholembera pathebulo, pambali pa tiyi wanga.

Lolemba, 17 Malichi

Kalata ndalemba. Katatu. Yoyamba inali ndi ine ndime ziwiri. Yachiwiri ndime imodzi. Yachitatu ndangosaina pansi: mwamuna wake.

Ndi kalata yabwino. Zolemba zaukhondo.

Lachiwiri, 18 Malichi

Wapita. Masiku atatu aja akwana khumi ndi asanu ndi limodzi.

Ndinamunyamulira chikwama mpaka pamsewu. Wandisiyira sipika, ndi nyimbo zonse za mayiyo pakakhadi. Akuti ndiziwayatsira ana kusukulu. Ndinati ndiona. Ndidzawayatsira Lachisanu, ija ya madambo. Kondakitala akukuwa Lusaka, Lusaka, Greenwell anandikumbatira nati, "Profesa, usafe na mtima. Kuzizila kwa kuja sungakukwanitse." Ndinati pita bwino, wakuba mapeyala.

Rosaria wakwera minibasi yomweyo. Zithunzi za pasipoti, ndi kukaima pamzere. Wavala chitenje chobiriwira chomwe ndinamugulira Mwila atabadwa. Anatulutsa mutu pawindo.

"Nibwela madzulo. Ndiwo zili mu poto. Chikwakwa nabisa, musavutike kusakila. Kamlendo kazabwela mu Disemba, kapeze nyumba."

Ndapita kudimba ndisanapite kusukulu. Zitsa zayamba kale kuphuka, timasamba tofiira. Ndinayang'ana uku ndi uku, kulibe munthu. Ndinasongola milomo, kuyesa gawo loyamba lija, losavuta.

Wayankha tambala wa a Chileshe.