Mashini Analira Pansi pa Mgwafa

Kanyama, Lusaka
Mwezi wa Okutobala

Wokondedwa mdzukulu wanga Whyson,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo. Uli bwanji uko kuthengo la ku Mufumbwe? Chifuwa chija chinakusiya, kapena ukali kutsokomola fumbi la m'maenje? Ukudya mokwanira, kapena golide ndiye wasanduka ndiwo? Kuno Mulungu akali kutisunga. Maondo anga ndi omwe aja, timakangana m'mawa uliwonse. Amalume ako aCephas ali bwino, mowa sunawathe. Mvula sinayambe, Kanyama akali mtunda.

Za mkazi wako Mwiche ndikamba kutsogoloku. Sakudwala, mtima ukhale pansi.

Kalatayi ndaiika pamwamba m'katoni dala, kuti uione usanagwire china chilichonse. Pa foni sindikanatha kukamba. Uwerenge uli wekha, anzako asakuone nkhope.

Mashini ofunira golide amene unatituma ndi amenewa. Tinapita ku Kamwala ine ndi amalume ako, chifukwa ndikanawatuma okha, thukuta lako likanathera m'botolo. Bambo wa m'shopu anayamba kutionetsa otchipa. Ati awa ndi a m'mbali mwa nyanja yamchere, anthu amayenda nawo pamchenga kutola mphete ndi makobili ogwa kwa osamba, ati olo alowe m'madzi safa. Ndinamufunsa kuti nyanja yamchere waiona kuti mu Zambia muno? Ife nyanja yathu imabwera mu Januwale, imalowa mpaka pansi pa bedi, koma zoyandamamo si mphete.

Anaseka, n'kutulutsa awa. Ati awa ndiwo a golide, amamva ngakhale kakang'ono ngati njere ya mpunga. Mbale zake zoyendetsa pamwamba pa nthaka ndi ziwiri. Yaikulu imamva zakuya, yaing'ono ndi ya pothina pakati pa miyala. Tsono umvere ine, chifukwa pamene munthu anali kufotokoza, amalume ako maso anali pa mtsikana wogulitsa mafoni. Ati dothi lofiira lili ndi chitsulo chakechake, limapusitsa mashini. Ukafika pamalo atsopano uyambe wakweza mbale ndi kutsitsa, kukweza ndi kutsitsa, ngati ukusinja uli ndi malungo, mpaka aleke kung'ung'udza. Poyenda mbale ikhale pafupi ndi nthaka, pang'onopang'ono, monga asesera mkazi watsopano pakhomo pa apongozi. Majombo ako a chitsulo kutsogolo uvule, ungamathamangitse zala zako tsiku lonse. Ndipo anatsindika kuti tiwayese pakhomo tisanatumize, kuti akakhala ndi vuto tibweze.

Kuyesa kumeneko, mwana wanga, ndiko kwandivula chitenje pakati pa anthu.

Iwe ukudziwa kuti ine ndi Mwiche sitinayambanepo. Mwana wa ulemu, madzi amapereka atagwada. Koma chichokere iwe ndinayamba kuona zinthu. M'mawa uliwonse amapita pansi pa mgwafa kuseri kwa chipinda chanu. Masamba amachotsa ndi manja, osati ndi tsache. Amakhala pamenepo milomo ikuyenda, mawu osamveka. Tsiku lina ndinatayapo madzi otsukira mbale, anandiyang'ana ngati ndamuthira kumaso.

Bana Mwansa, aneba athu aja a pakamwa ngati wailesi, anandinong'oneza. Ati ambuya, imwe simuona? Ati vamene ivo ni vomangila mwamuna, muzukulu wanu bamuika mu botolo. Ine ndikanawathamangitsa. M'malo mwake ndinawapatsa mpando. Ndinakumbukira kuti chikwatire iwe unayamba kutsuka mbale, ukatuma foni uyamba mkazi wako, ine pambuyo. Ine amene ndinakulera amako atatisiya, ine amene unali kunditcha mkazi wako ukali wa mamina. Nsanje ya nkhalamba ndi yoipa kuposa ya mtsikana, chifukwa imayenda itavala duku la kumpingo.

Linali Loweruka masana pamene tinayesa. Amalume ako anavala zomvera zakumakutu zimene zinabwera ndi mashini, chifuwa kutsogolo ngati woyendetsa ndeke. Mbiri inathamanga kuti kwa ambuya Nelia kwabwera mashini oona zapansi. Pa yadi panadzaza, ena pamwamba pa mpanda, ena anasiya tomato pamsika. Tinakwirira msomali ndi kakobili, mashini anazipeza zonse, anthu m'manja phuphuphu. Ndiye amalume ako anachotsa zakumakutu kuti aliyense amve, n'kuyamba kuzungulira yadi. Apa twii, chitsekero cha botolo. Apo twii, supuni yanga imene ndinanamizira ana a eni kuti anaba. Anthu anali kufa ndi phwete. Wina anafuula kuti ba Cephas, pitishani pa mutu panu timve ngati muli chinthu.

Atafika pansi pa mgwafa, mashini analira kulira kwina, kokoka, kosaleka.

Bana Mwansa anandigunda ndi chigongono. Ndinaiwala kuti bambo wa m'shopu anatiuza kuti mashini amangonena kuti pali chitsulo, sanena kuti ndi cha yani kapena chagonerapo chiyani. Ndinafuula kuti bweretsani khasu.

Nthawi yomweyo Mwiche anali kulowa pageti ndi ndowa ya madzi pamutu. Ataona pamene taima, ndowa inagwa. Anathamanga, n'kukhala pansi pamalo pomwepo, manja atatambasula. Ati ambuya napapata, osati apa. Ati kumbani konse, gwetsani na nyumba, koma osati apa.

Apa ndiye cholembera chikundilemera. Ndinamufunsa pamaso pa anthu onse aja kuti nkhuku imakhalira mazira, nanga iwe ukhalira chiyani? Ndinati choka, lero tiona zimene unabwera nazo kuchoka kwanu ku Mbala. Ndinati mdzukulu wanga wasanduka chitsiru chifukwa cha iwe. Ndipo ndinatchula liwu lija, Whyson. Ndinamutcha mfiti. Linatuluka m'kamwa muno momwe, mmene mumalowa mgonero.

Ndinauza azimayi kuti amunyamule. Anamunyamula. Amalume ako anazengereza, ati amayi tiyeni tileke, mwana alila. Sanali kulira. Ndinawalanda khasu, n'kukumba ndekha, ine wa maondo odwala.

Sipanali pakuya. Panatuluka chitini cha polishi wapansi, chokulungidwa m'mapulasitiki ambiri kuti madzi a dzinja asalowe. Azimayi anayamba kolasi yothamangitsa ziwanda. Wina anawaza mchere. Ine sindinafune kuchigwira ndi manja, ndinachitsegula ndi nsonga ya khasu, n'kuchigubuduza ndi phazi kuti zamkati zikhuthukire pafumbi.

Munali mapini a matewera. Kasupuni kodyetsera mwana. Tisokosi toluka tachikasu, tija anali kuluka ali ndi pakati. Kachipewa. Ndi kalamba kapulasitiki kamene anamumanga Mwiche pamkono kuchipatala tsiku limene mwana wanu anabadwa osalira.

Kolasi inafera pakati. Nditatembenuka, bana Mwansa kunalibe, ndinangoona chitenje chikukhota pageti.

Mwiche anagwada, n'kuyamba kutola chimodzichimodzi, kupukuta fumbi pachitenje chake, kubwezera m'chitini. Kasokosi kamodzi kanali pansi pa patapata yanga. Sanandiuze kuti sunthani. Anadikira mpaka ndinazindikira ndekha.

Atatha anandiyang'ana akali chogwada. Ati ambuya, munati nisalile, sininalile. Munati nisafunse kwamene munamupeleka, sininafunse. Ati manje na apa pamene nenze kumupasa moni, mwanikaniza?

Ananyamula chitini chake n'kulowa m'chipinda chanu, ine amene makondakitala a basi amandithawa n'kutsala ndi khasu m'manja ngati choopsezera mbalame m'munda.

Iwe ndiwe mwamuna, zina sunauzidwe. Mwana wobadwa atapita kale, kwathu timati nthayo. Sachitirwa maliro, sapatsidwa dzina. Timakamuika ndife azimayi akuluakulu tokha, mwakachetechete, ndipo mayi wake saloledwa kulira kapena kuona malowo, ati angatseke mimba. Ndi mmene tinachitira mu Febuluwale muja, ine ndi azimayi awiri a kumpingo. Zovala zonse za mwanayo ndinati zichoke m'nyumba. Sindinachite mwa nkhanza, ndi mmene anandichitira inenso ku Katete ndikali mtsikana, ndipo wanga mpaka lero sindidziwa pamene anagona. Tsono ine ndiye ndinayenera kukhala woyamba kuzindikira chimene mkazi amachita pansi pa mtengo m'mawa uliwonse. Ndinali ndi maso, koma ndinabwereka a bana Mwansa.

M'mawa mwake ndinapeza yadi yosesedwa, madzi anga osamba ali pambaula, mbale zonse zotsukidwa. Mwiche kulibe, chikwama chake kulibe. Akanandituka ndikanapeza pogwira. Madzi amenewo anazizira pomwepo, sindinathe kuwasamba.

Ali ku Chaisa kwa azakhali ake, bana Kafula. Ndinapitako ndi nkhuku yoyera m'khwapa. Bana Kafula anandiimika pakhomo, dzuwa lili pamutu, osandipatsa ngakhale njerwa yokhalira. Ati ndimwe bamene muli na mashini yopezela mfiti? Ati pitishani na pano, kapena na ise tilila. Ndinagwada pafumbi la ku Chaisa, ana akundizungulira, nkhuku ikundinyerera pachitenje. Ati nkhuku bwelelani nayo, mwana wathu sanabwele ku Lusaka kuzadya nkhuku. Ati munthu akaitanidwa mfiti pa bantu, dzina ija siichoka na sopo.

Mwiche anali m'nyumba. Ndinaona katani ikugwedezeka, koma sanatuluke.

Bana Kafula anena kuti mwezi uno ukatha amukweza Mwiche basi ya ku Mbala, abwerere kwa makolo ake. Ati nkhaniyi si ya ine ndi iwo, ndi ya mwini mkazi. Ati ngati mwamuna wake amufuna abwere yekha ndi miyendo yake, osati pa foni, osati kutuma amalume onunkha chibuku. Akapanda kuoneka, iwo adziwa kuti mawu anatuluka m'kamwa mwanga ndi a banja lonse.

Zimene ndikanatha ndachita. Ndayenda khomo ndi khomo mu laini yathu yonse kunena kuti m'chitini munalibe mankhwala, wabodza ndine. Ena amandimvera chisoni, ena amaseka ndikangotembenuka. Pa Sabata ndinaimirira ku chigwirizano cha azimayi n'kunena zomwezo, duku ndinavula ndekha asanandivule. Bana Mwansa akuti iwo sananenepo kanthu, ati benze chabe kuseka. Ndawasiya, mlandu ndi wanga. Iwo ananong'ona, wofuula ndinali ine. Koma ana a mu komboni ayamba kale kutcha mgwafa uja mtengo wa mfiti, ndipo pakamwa pa ana sindingapatseke ndekha.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndikudziwa kuti mashiniwa wawadikira nthawi yaitali, ndipo anzako akuuza kuti mvula isanagwe ndiyo nthawi yokumba. Asiyire munthu amene umamukhulupirira, kapena ubwere nawo, koma ukwere galimoto yoyamba. Golide wakhala pansi chilengedwere dziko, sathawa mwezi uno. Mkazi wako ndiye akupita.

Ukafika usayambire kuno. Upite ku Chaisa ndi fumbi lako lomwelo. Usakandiikire kumbuyo, usakanene kuti ambuya ndi okalamba, mutu unasokonezeka. Mutu wanga uli bwinobwino, ndinachita ndikudziwa. Ukanene kuti ambuya analakwa, ndipo iwe sunawatume. Akafuna kuti mukakhale kwina, kutali ndi ine, uvomere. Ndidzatunga madzi ndekha.

Ndipo ukamuuze ichi, chifukwa kwa ine sangachimve. Lachiwiri ndinakwera basi ndekha kupita ku manda a ku Chingwere, kumbali kumene timaika ana otere. Ndinaopa kuti mwina ndaiwala, timilu take n'tambiri ndipo palibe zolemba. Ndinazungulira mpaka maondo anakana. Koma ndapapeza. Ndinazula udzu ndi manja, ndaikapo miyala kuzungulira kuti pasasowenso.

Akafuna, ndidzamuperekeza, iwenso ukhalepo. Akafuna kupita popanda ine, ndidzakulozera iwe njira, ine n'kutsala pageti. Akalire mpaka mawu athe, amutche ndi dzina ngati ali nalo mumtima. Azimayi anzanga a kumpingo andichenjeza kuti ndikuswa mwambo, ati tsoka lake ndi lotseka mimba. Ndawauza kuti wolozera ndine, tsokalo libwere kwa ine. Yanga inatseka kalekale, likapeza pakhomo pali loko.

Undipatsire moni anzako onse a m'maenje, makamaka amene wanyamula katoniyi. Amalume ako akupereka moni, akuti mabatire atsala ochepa mphamvu chifukwa cha tsiku lija, ugule ena. Mulungu wa amako akutsekere maenje oipa, akutsegulire msewu wobwera kuno.

Ukafika udzandikalipire mmene ungafunire, ndidzakhala chete koyamba m'moyo wanga. Koma bwera mwezi usanathe.

Ndine ambuya ako,
Nelia Mbewe