Dandaulo la Nthambi Zitatu

Amayi, mwadzuka bwanji kumeneko?

Ine mwana wanu woyamba, mwini madigiri awiri, ndikupereka dandaulo pa zomwe zidachitikira maluwa anga tsiku lovundukula chiliza chanu ku Chiosya.

Mukudziwa kuti chaka chomwe ndidakaphunzira za ulimi ku Japan ndidaphunziranso kayalidwe kawo ka maluwa. Kumeneko saunjika. Amaimika nthambi zitatu zokha: yaitali ndi kumwamba, yapakati ndi munthu, yaifupi ndi dziko, ndipo mpata wotsalawo ndi gawo la kukongolako. Ndikakutumizirani zithunzi munkati, "Mwanangu, manja ako ndi odala." Ine n'kumakhulupirira.

Ndiye Loweruka ndidalawirira kudambo. Ndidadula nthambi yokhota ya mthethe, tsekera mmodzi ndi duwa limodzi lofiira. Ndidazibaya pa kachitsulo ka misomali m'mbale yadothi, n'kuika kumutu kwanu. Zidanditengera maola awiri, Amayi, ndikulira.

Nditapita kukasintha chitenje, ndidapeza mbale yanga yasanduka sitolo. Mlamu wanu, azakhali a Nabanda, adali atasomekamo maluwa apulasitiki ogula kumsika wa pa Kamwendo, achikasu ndi apinki, ena timapepala ta mitengo yake tisanamatulidwe. Nditafunsa, adayankha pamaso pa abusa kuti akungotsata mawu anu. Akuti mudawasiyira chikwama chathunthu, n'kunena kuti, "Akadzabwera ndi nkhuni zakezo musamukhumudwitse, koma mudzadzaze, anthu angadzati ndidafera paumphawi."

Nkhuni, Amayi? Zaka zinayi mukundiyamikira pafoni, kuseri mukuseka ndi alamu anu? Anthu adaseka, inenso ndidaseka nawo. Chinthu chimodzi chomwe ndinkati ndakupangirani ndi manja anga, osati chogula, mudali mutachikana kale musanachione. Mukadandiuza muli moyo, bwenzi titakangana bwinobwino n'kuthana.

Zina zili bwino. Mtedza wachita chaka chino. Mkazi wa Yohane, mlongo wanga uja, wabereka mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu ngakhale ndidatsutsa.

Chipepeso chomwe ndikufuna ndi ichi: mubwere kutulo kwa azakhali pasanathe sabata, muwauze momveka kuti mudalakwa, ndipo iwo adzabwereze mawuwo m'tchalitchi ataimirira. Muonjezepo mbuzi imodzi ya kumeneko, yaikazi, yoyera.

Mukatero ndidzakukhululukirani. Mukapanda kutero ndidzabwerabe mvula ikayamba kudzazula udzu pamanda panu, koma sindidzakulankhulani.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale mwandichita chipongwe,

Tadala