Disiketi ya a Bernado ndi Kiyi wa Chipinda cha Kompyuta

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA KALABU YA KOMPYUTA

Tsiku: Loweruka, 14 Novembala 1998
Malo: Chipinda cha kompyuta, pa boma, Chadiza
Analipo: a Wadson Njobvu (Wapampando), a Lonia Mvula (Mlembi), a Bernado Jasi (wosunga kiyi), amayi Selina Sakala, a Yoweli Mwanza
Anapepesa: a Terrance Daka (njinga inaphulika ku Mlolo)

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 14:10. Anapempha kuti pasakhale kuseka. Panthawiyo panalibe amene anali kuseka.

2. Lipoti la ulendo wa ku Lusaka

A Bernado anakumbutsa komiti kuti anaitanidwa ku msonkhano wa mapulogalamu aufulu, amene aliyense amaloledwa kukopera, kusintha ndi kugawira anzake. Anapita kukaonetsa pulogalamu imene analemba yosunga masiku a mvula ndi obzala a alimi a ku Zemba ndi ku Mlolo. Anati anthu analipo oposa makumi asanu ndi limodzi, ena ochokera kunja, ndipo mmodzi anali wandevu mpaka pachifuwa koma atavala kabudula. Amayi Selina anapempha kuti kabudulayo alembedwe. Walembedwa.

3. Mlandu wa a Bernado

Wapampando anati amva kuti a Bernado anagawira pulogalamu ya kalabu kwa aliyense ngati mtedza wa pamaliro, popanda chilolezo cha komiti. Anati munthu wotere sayenera kusunga kiyi, ndipo anawalamula kuti amuike patebulo. A Bernado anamuika. Mlembi anamva chisoni, chifukwa kwa zaka ziwiri munthuyu ndiye wakhala akupukuta fumbi pamakinawa m'mawa uliwonse.

Atafunsidwa chifukwa, a Bernado anangoti disiketi imene munali pulogalamuyo inakana kugwira ntchito. A Yoweli anafunsa kuti inakana bwanji. A Bernado anayang'ana kudenga. Apo amayi Selina anasolola envelopu m'thumba la a Bernado naionetsa komiti.

Zinapezeka kuti, potsata lamulo lathu lakuti chilichonse chotuluka mu ofesi chiphatikizidwe ku kalata yosainidwa, Wapampando analumikiza disiketi yathu yaikulu yofewa ija ku kalatayo ndi sitepula. Anaboola kawiri, pakati penipeni, kuti isagwe m'minibasi ya ku Chipata. Pamwamba anadindapo chidindo. Mlembi akuvomera kuti sitepulayo anawapatsira ndi iye.

A Yoweli anatuluka panja kwa mphindi zisanu. Ankamveka bwinobwino akuseka.

Wapampando anati lamulo ndi lamulo, ndipo disiketiyo inafikadi osagwa.

A Bernado anafotokoza motere: "Bambo Wapampando, ndinaima pamaso pa anthu onsewo, kompyuta ili duu. Thukuta mpaka m'nsapato. Ndinati kubwerera kwathu osaonetsa kanthu, iyayi. Ndinatenga choko n'kuyamba kulemba pulogalamu yonse pabolodi, kuchokera m'mutu. Mtsikana wina anayamba kutaipa pa kompyuta zomwe ndimalemba. Wa kabudula uja anakuwa kuti mzere wachisanu ndi chitatu walakwika, ndipo unalakwikadi, chaka chonse osadziwa ine! Pomwe tinkamaliza inali ikuyenda, anthu akuomba m'manja, aliyense atakopera. Ndikanawalanda bwanji zimene anandithandiza kuumba?"

Anaonjeza kuti sanauze munthu aliyense chimene chinaononga disiketi, poteteza dzina la kalabu. Amayi Selina anati dzina limene linatetezedwalo si la kalabu. Wapampando anawapempha kuti azilankhula kudzera kumpando. Amayiwo anabwereza mawu omwewo kudzera kumpando.

A Bernado anaonetsa pulogalamu yokonzedwayo pa kompyuta yathu. Tsopano imasanja midzi yokha. A Yoweli anavina pang'ono. Wapampando anafunsa ngati mudzi wakwawo ulimo, ndipo atauona anati awaonetsenso kachiwiri aone bwino.

4. Chigamulo

Anavota pokweza manja ngati a Bernado apitirize kusunga kiyi. Amayi Selina, a Yoweli ndi Mlembi anakweza. Wapampando anati savota pokhapokha mavoti atafanana, koma dzanja lawo linaoneka m'mwamba, ndipo anati ankawongola mkono. Mlembi waliwerenga.

5. Zina ndi zina

A Bernado anapempha kulankhula. Anati chiwolokereni malire kuthawa nkhondo, akhala kuno zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anawerengedwapo kambirimbiri pamizere ya othawa kwawo, koma anthu anali asanawakwezerepo manja. Wapampando ananyamuka, natenga kiyi patebulo, nawapatsa ndi manja awiri.

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka, 12 Disembala 1998, pamalo omwewa.

Msonkhano unatsekedwa nthawi ya 15:55. Chitseko anakhoma ndi a Bernado.

Wapampando: W. Njobvu ....................
Mlembi: L. Mvula ....................