Mtima wa Tithokoze Ukugunda Ngati Wotchi

Okondedwa achimwene a Grey,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Chulu tadzuka bwino, fodya tayamba kuthyola ndipo chigafa chatsala pang'ono kudzaza.

Khalani pansi, chifukwa nkhani ndili nayoyi muyamba mwapsa nayo mtima, kenako muvina.

Mukukumbukira kuti madokotala atapeza kuti mtsempha waukulu wotuluka mu mtima wa mwana wanga Tithokoze wafufuma ngati chubu cha njinga chofuna kuphulika, inu monga malume ake munaletsa opaleshoni. Munati munthu si chiguduli choti azing'amba n'kusoka. Ine ndinayankha kuti ndamva. Achimwene, ndinakunamizani. Dzina lake litatuluka pa mndandanda wa opita ku India, ndinasaina ndekha. Miyezi itatu yonse munkaimba foni ine n'kumati watsikira ku dimba ija, tinali kuchipatala kumeneko.

Madokotala anamuchita opaleshoni maola asanu ndi awiri. Anadula pofufumapo n'kusokererapo kapaipi ka nsalu yolimba, kokhala ndi valavu yachitsulo yotsegula ndi kutseka njira ya magazi. Atatsitsimuka, mawu ake oyamba anali ofunsa ngati nazale ya fodya ikuthiriridwa. Ndinalira ngati mwana.

Lamulungu lapitali anayenda wapansi mpaka kutchalitchi osapumira panjira, munthu amene kale ankakhala pansi katatu asanafike pa mjigo. Pa pemphero la chamumtima, tchalitchi chili zii, kunamveka kuti thi, thi, thi. A Esau, mkulu wa mpingo wosaseka uja, anatsegula diso limodzi n'kulamula kuti mwini wotchiyo akaisiye panja. Tithokoze anaimirira ndi msinkhu wake wonse uja n'kunena kuti sangathe, chifukwa wotchiyo ndi mtima wake. Nthungululu zake! A Esau anasendera pafupi, kutchera khutu, kenako anayambitsa okha nyimbo yoyamika.

Amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana tsiku lililonse, ndipo mwezi ndi mwezi amakayezetsa ku boma. Mabelo a fodya tamuletsa kunyamula, koma pa kusoka fodya watisiya tonse kutali.

Tsono imvani pempho langa. Dokotala ataona kutalika kwa Tithokoze ndi zala zake zazitali zija, anafunsa ngati kwathu alipo anamwalira mwadzidzidzi. Ndinamuuza za bambo athu, momwe anagwera mu mzere wa fodya khasu lili m'manja. Iye anati nthendayi imayenda m'magazi a pabanja, ndipo imakonda ataliatali. Anandiunika ine, ndilibe. Nanga wamtali kuposa tonse, woweramira pakhomo lililonse, ndani? Pamene munaimba foni komaliza paja ndinakumvani mukupuma mwabefu, inu n'kumanamizira masitepe.

Ndikalipireni mmene mungafunire, ndalakwa ndavomera. Koma mukatha kukalipako, pitani kuchipatala akaunike mtima wanu sabata ino. Bambo tinawaika m'manda tisakudziwa chimene chawatenga. Inu sindilola kukuikani ndikuchidziwa.

Tithokoze akuti mukaimba foni aiika pachifuwa kuti mudzimvere nokha chimene munaletsa chija. Akutinso mukakakamira kukana, abwera yekha kudzakukokani, poti mphamvu ali nazo tsopano.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mulungu amene wasunga mwana wanga akusungeni inunso.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
Lefina