Maziro M'buku la Bambo Ako

Pagudpud, 9 Epulo

Wokondedwa mwana wanga Erlinda,

Muli bwanji ku Honolulu kumeneko? Kamdzukulu kanga chifuwa chija chinatha? Ine ndikudzuka, bondo lokhali.

Pa foni sindinakuuze zonse. Tsiku lija ndinkathyola cham'mwamba kuseri kwa nyumba pamene a Tiburcio, a m'munsi mwa phiri aja, anafika atakoleka m'khosi magalasi oonera patali a bambo ako. Ndinawaseka kuti kodi mlenje wayamba liti kuwerenga mbalame m'malo mozidya. Iwo sanaseke. Anangoti Manang, achemwali anga, takhalani pansi kaye.

Bambo ako anawapeza atatisiya kale paphiri, atatsamira mwala wawo uja, buku lowerengera mbalame lili pamiyendo. Mzere womaliza unati mphamba 412, nkhwazi ziwiri, zonse kulowera kumpoto.

Zaka khumi ndi chimodzi, Malichi ndi Epulo, buku limenelo silinadumphepo tsiku. Koma pa masiku asanu ndi anayi a mapemphero a maliro palibe anakwera phiri. Nditaona mizere yopanda kanthu, mtima sunandilole. Ndinalemba ziro pa tsiku lililonse n'kutumiza ku bungwe loona za mbalame ku Manila.

Ine, mphunzitsi wa zaka makumi atatu! Chonsecho bambo ako ankandiuza kawirikawiri, uku akundinyogodola kuti mabuku onse ndinawerengawa sanandiphunzitse kuyang'ana kumwamba. Ankati ziro ndiye kuti munthu watandala paphiri osaona kanthu. Tsiku limene kunalibe munthu, umasiya poyera.

Lachiwiri mtsikana wa kubungweko anaimba foni. Akuti masiku onsewo opanda mbalame, nyengo yodutsa mbalamezo ili pachimake, ndiye kuti alenje ayambiranso kuziwombera m'minda ya kokonati momwe zimagona, ndipo akadziwitsa apolisi. Dzina loyamba kulitchula linali la a Tiburcio. Munthu amene anasiya mfuti chifukwa cha bambo ako. Munthu amene anawabereka kumsana kutsika nawo phiri.

Ndinaulula pomwepo, kenako ndinapita kukawapepesa a Tiburcio. Anati Manang, mukanandifunsa ine, tsiku loika maliro zinadutsa zambirimbiri, zonenepa, mpaka ndinameza malovu. Tinaseka, kenako tinalira tonse.

Pempho langa ndi ili, mwanangu. Tikiti yandege yoti ndibwere kwanuko ija usagule mpaka Epulo atatha. Ndikudziwa sukufuna ndikhale ndekha m'nyumba muno, koma ndayamba kukwera phiri m'mawa uliwonse. A Tiburcio amayang'ana n'kumatchula, ine ndimalemba. Amati ndimayenda ngati kamba, koma amandidikira.

Undiperekere moni kwa amuna ako ndi apongozi. Mulungu akusungeni nonse.

Maziro aja ndinafufuta. M'buku la bambo ako mwatsala mizere isanu ndi inayi yoyera, ndi masiku makumi awiri ndi limodzi oti ndilembe.

Ndine mayi ako,
Consolacion